Mfundo ya pa Chingwe cha Matumba a Ufa

Pa chipata cholowera katundu timagwira ntchito ndi anthu amene sitiwaona nkhope. Aisraeli amalowa m'bwalo ndi malole awo, kutsitsa matumba a ufa, kutuluka, n'kutseka geti lawo. Likatsekedwa lawolo m'pamene lathu limatseguka, ife a ku Gaza n'kulowa kukanyamula. Masiku ambiri silitseguka n'komwe, timangopsa ndi dzuwa n'kubwerera chimanjamanja. Ine Atef ndagwira ntchito imeneyi mpaka msana kupindika, ndipo chimene ndinkadziwa cha anthu a tsidya linalo n'chakuti sadziwa kumanga chingwe. Amangopiringiza basi.

Tsiku lina ndinapeza mulu umodzi wa matumba utamangidwa mwaluso. Inali mfundo ya asodzi, yopinda kawiri, nsonga yake yotulukira kumanzere. Malemu bambo athu ankamanga choncho maukonde, koma nsonga kumanja. Amene ankaitulutsira kumanzere ndi mkulu wanga Rizq yekha, chifukwa anali wamanzere ndipo zikoti za bambo sizinamusinthe.

Rizq ankagwira ntchito m'minda ya tomato ku Israeli. Nkhondo itayamba malire anatsekedwa iye ali komweko, foni yake n'kungoti zii. Amayi ankandifunsa tsiku lililonse ngati ndamvako kanthu, ndipo ndinali nditatopa nako kupukusa mutu.

"Atef, ukuchifunsira ukwati chingwecho?" anatero Hamdan, mnzanga wa pa lole. "Masula tizipita, asanasinthe maganizo awa."

"Tabwera uone mfundo iyi."

"Ndaiona, ndi yokongola. Ndiye ana anga adye mfundo lero?"

Zingwe timazisiya m'bwalo momwemo kuti eni ake adzatole. Ndinatenga chingwecho, kumangapo mfundo yomweyo koma nsonga kumanja monga ankachitira bambo, n'kuchisiya poonekera.

Geti linakhala lotseka kwa nthawi ndithu. Litatsegukanso ndinalowa chothamanga. Pa mulu wa kumapeto panali mfundo ziwiri zogundizana, ina ya kumanzere, ina ya kumanja. Amayi sindinawauze, ndinkaopa kuwakweza mtima ndi chingwe chabe. Koma mafunso ankandidya. Munthu wa ku Gaza angapezeke bwanji mbali ya iwowo? Kodi anamugwira n'kumamunyamulitsa katundu? Nanga osangolemba dzina pa thumba bwanji?

"Iwe, ukangolemba chilembo chimodzi pa thumba amabweza lole yonse," anatero Hamdan nditamufunsa. "Mfundo yokha ndiyo sangaifunse mlandu."

Kenako kunabwera pangano loleka kumenyana. Malole anachuluka mpaka dongosolo losinthanasinthana lija linakanika, ndipo tsiku lina mageti onse awiri anatsegulidwa pamodzi, asilikali ataima pakati. Aka kanali koyamba kuwaona anzathu a ntchitowo. Ndinadabwa kuti ambiri anali madala a mimba zazikulu ngati amalume anga. Sindinataye nthawi ndi nkhope zawo, ndinkangoyang'ana m'manja.

Womanga mfundo uja ndinamupeza pa lole yachitatu: nkhalamba ya imvi, ya kachipewa pa liwombo, ikumanga mfundo ija pang'onopang'ono lilime lili panja. Sanali Rizq. Ndinapsa mtima ngati wandibera.

"Bambo, mfundo imeneyo munaitenga kuti?" ndinafunsa.

Anadzutsa mutu n'kundiyang'anitsitsa. Chiarabu chake chinali chothyokathyoka, koma chomveka.

"Ndiwe wa nsonga ya kumanja uja?"

"Ndine. Mng'ono wake wa Rizq."

"Ine ndine Menashe. Rizq anagwira ntchito m'munda mwanga zaka zambiri. Ankandinyoza kuti ndimamanga ngati ndavala magolovesi, mpaka anandiphunzitsa." Anasiya chingwecho. "Ntchito ino ndinachita kuipempha, kuti mwina wina wa kwawo adzazindikira mfundoyi. Ndinalibe njira ina yokufikirani."

"Ali kuti?"

"Anamwalira ndi matenda a mtima, mwana wanga. M'nyengo yozizira yoyamba ija nkhondo itayamba. Ndinkamubisa m'nyumba yosungira mbewu kuti asilikali asamugwire. Ndinaitana Asilamu a m'mudzi woyandikana nafe, anakamuika m'manda mwawo. Inenso ndinalipo."

Msilikali anatikalipira kuti tisiyane. Ndinanyamula matumba mpaka kuweruka, sindikudziwa kuti ndi mphamvu ziti.

Nditafika ku tenti kwathu ndinakhala pansi pafupi ndi amayi n'kuwafotokozera zonse, kuyambira pa chingwe. Analira nthawi yaitali, ine ndikulira nawo. Kenako anapukuta maso ndi nsonga ya mpango wawo.

"Myuda ameneyu wati analipo poika maliro?"

"Eya, amayi."

"Mawa ukamufunse ngati anamusambitsa mwana wanga, ndiponso ngati anamugoneka moyang'ana ku Maka. Ukamufunsenso kuti chomaliza kudya chinali chiyani."

"Amayi, sindikudziwa ngati mageti adzatsegukenso pamodzi mawa."

"Atseguke," anatero. "Munthu ameneyu ndili naye mafunso ambiri."