Chikuta cha Padzenje la Njerwa

Makapu anali akulirabe m'kabati pamene Petronela anathamangira kuchipinda chakuseri. Chivomerezi chinali chitangodutsa m'Chilomoni m'mawa umenewo, agalu akuuwa, anthu ali piringupiringu panja. M'chipindamo munali mwana wake Idah, ali m'chikuta ndi khanda losagwa mchombo.

Khoma linali litang'aluka kuchokera pawindo mpaka pansi, mng'alu woti dzanja n'kulowa. Dothi linkayoyokera pabulangete la khandalo.

Amuna ake, a Ambrosi, anaima panja poti mwamuna salowa m'chikuta. Anausuzumira mng'aluwo manja ali kumbuyo, ngati kuti chipindacho anamanga ndi munthu wina.

"Kamng'alu aka? Simenti pang'ono, mawa katha."

"Nanga nyumba yaikuluyi bwanji siinang'aluke, chivomerezi chake chomwecho?" anafunsa Petronela.

"Mwayi chabe."

"Mwayi? Pokumba maziko ake piki inkathetheka moto pathanthwe, inu mukutukwana. Nanga apa pansi pali chiyani? Si dzenje lija munkaumbamo njerwa? Ndinalidzaza ndine ndi phulusa, zitini ndi makoko a nthochi. Thanthwe lagwedezeka kamodzi n'kuima, koma apa panjenjemera ngati phala."

"Makoko amenewo anasanduka dothi kalekale."

"Dothi lodzalapo mpiru, osati logonekapo mdzukulu wanga."

A Ambrosi anakweza mawu. "Ndiye mutulutse mwana mchombo usanagwe? Kwathu ku Nsanje sizichitika zimenezo. Akadwala mudzayankha ndinu!"

Petronela naye mwambowo ankauopa ndithu, ana ake onse anawasunga motero. Analowa, n'kutuluka, n'kulowanso, mtima uli m'mwamba. Idah ankangomuyang'ana.

Nthaka inagwedezekanso, pang'ono chabe, moti amene anali m'nyumba yaikulu sakanamva n'komwe. Koma chibuma chinagumuka pamwamba pa windo n'kugwera pafupi ndi mwendo wa Idah.

"Mbewa yamanyazi inafera kuuna," anatero Petronela. Anakulunga khandalo m'chitenje mpaka kumutu, nalifungatira. "Idah, dzuka, tiye."

Atawakhazika m'nyumba yaikulu anatulukira pakhomo ndi mkeka, n'kuwapatsa amuna ake.

"Muno tsopano ndi m'chikuta, inu simulowamo. Muzikagona m'chipinda chanu chija chongofuna simenti pang'ono."

A Ambrosi ananyamula mkekawo mwamphamvu kupita kuseri. Anaima pakhomo la chipindacho nthawi yaitali, akuyang'ana chibuma chija. Kenako anabwerera mwakachetechete, n'kuuyala pakhonde la nyumba yapathanthwe.