Tsache la Kumwamba

Vuto la mphunzitsi ndi lomweli: ukamufunsa kamodzi, amakukhuthulira phunziro lonse. Tamiwe anaphunzira zimenezi mochedwa.

Loweruka lina la mu Seputembala anachoka ku Chipata, kumene amaphunzitsa sayansi, kupita kwawo ku Kasenengwa kukaona munda umene malemu mayi ake anamusiyira. Kwa zaka zitatu ankayala mapesi m'mundamo osatentha, kuti nthaka yoguga ija itsitsimuke. Chaka chino pansi pa mapesipo panali patayamba kuda ndi kufewa. Atate ake, a Alfonsi, ankangoti ndi uve.

Ali pansi pa mtengo wa mango, a Alfonsi analoza utsi wa lupsa kuphiri. "Iwe Tamiwe, utsi wonsewu chaka ndi chaka umathera kuti? Bwanji sudzaza kumwamba?"

Tamiwe mtima unachita dyokodyoko, poti mkuluyu anali asanamufunsepo za ntchito yake. Anafotokoza kuti mumlengalenga muli mpweya wina wotchedwa ozoni. Dzuwa likauswa, kachidutswa kake kamakumana ndi chinyezi cha madzi, n'kubadwa tinthu totchedwa OH.

"Tinthuti sitikhalitsa, Atate, ngakhale sekondi imodzi sikwana. Koma timagwira zoipa za mu utsi n'kuziphwanya. Ndi tsache la kumwamba."

"Tsache? Ha, Mulungu anaganiza patali!"

Pomwepo galimoto yomaliza ya ku tauni inaliza hutala kumsewu. Tamiwe anatola chikwama n'kuthamanga, theka la phunziro lili mkamwa.

Lachitatu azakhali ake a Magalita anaimba foni. "Bwera mwana iwe, munda wapsa."

Tamiwe atafika anapeza kuli bii, phulusa lokhalokha mpaka kumalire. A Alfonsi anali pakhonde, akupanira mbewa pampani, nkhope ili mwee.

"Atate, mwachitanji?"

"Mbewa zinadzazana m'zinyalala zako zija. Ine ndinkalekera poopa kuwononga mlengalenga, monga unkandiopsezera muja. Koma wanena wekha kuti kuli tsache."

Tamiwe anapsa mtima. "Tsachelo limafuna chinyezi, Atate! Mwezi uno mpweya wauma gwaa. Utsi ukachuluka tsachelo limalefuka, ndipo utsi womwewo umabala ozoni pansi pompano, yowaula masamba a mbewu. Komanso ine mapesi aja sindinkasungira kumwamba, ndinkasungira nthaka ya amama!"

A Alfonsi anamuyang'ana modabwa zenizeni. "Nanga bwanji sunanene zonsezo?"

Tamiwe amakalipira ana asukulu tsiku ndi tsiku kuti yankho latheka si yankho, lero ndi iyeyo. Analowa m'munda, nagwada, n'kukanda pansi ndi zala. Nthaka ija inali itauma ngati phale, ndipo kamvuluvulu anali atayamba kale kuulutsa phulusa kupita nalo kumunda kwa eni.

Atabwerera, atate ake anamusunthira mbale ya mbewa, atamusankhira zikuluzikulu.

"Idya mwanawe, usalire. Taona mmene zanenepera ndi mapesi ako."