Chipinda Chosalowa Netiweki

1.
Mukundimva?

2.
Ntchito imene inalengezedwa inali ya injiniya woyesa zipangizo za netiweki ya mafoni asanakazipachike pansanja. Ofunsira anadzaza bwalo la kampani ija ku Kanengo ngati pamaliro a munthu wolemera. Pageti panakhala mlonda wokalamba, ndipo ankapereka moni kwa aliyense wolowa. Ambiri anangodutsa, maso pafoni. Ndaziona Kampira yekha anaima, nkupinda mawondo pang'ono. Ndadzuka bwino agogo, kaya inu?

Pawindo la m'mwamba panali munthu akuyang'ana.

3.
Munthuyo anali bambo Kaphaizi, mphunzitsi wa olembedwa kumene. Za mawaya sanamufunse n'komwe. Digiri ija, imene inatopa kugona m'sutikesi mwini wake akugulitsa kaunjika pamsika wa Tsoka, anangoiyang'ana kumbuyo nkuibweza.

Ife timafuna ana oleredwa bwino, anatero. Mukatha maphunziro osaphwanya lamulo, ntchito ndi yanu.

Ndaziona anakalirira kubafa, chimwemwe chokhachokha.

4.
Malamulo a bambo Kaphaizi:
foni yanu muzisiya panja,
chitseko muzitseka mpaka chilire,
lizani mawu oyesera,
mvetserani,
lembani ngati akumveka bwino kapena akukalakata,
osayankha.

Osayankha, chemwali. Ndi mawu ojambula chabe. Mukalankhula, makina amasokonezeka ndipo inu mwalephera.

5.
Chipinda choyeseramo chinali ndi chitseko chonenepa ngati cha firiji ya kubutchala ndipo makoma ake anamata timasiponji tosongoka mbali zonse mpaka kudenga kuti netiweki ya panja isalowe ngakhale pang'ono ndiye ukatseka zonse zimafa phokoso la malole a fodya limafa kutentha kwa Okutobala kumafa umangomva magazi ako akuyenda m'makutu kenaka umalumikiza chipangizo choyesedwacho nkudina batani lobiriwira ndipo m'sipika mumatuluka mawu a mwamuna, aulemu, otopa

Mwaswera bwanji? Mukundimva?

Ndaziona analemba: akumveka bwino.

6.
Mayi ake pafoni kuchokera ku Linthipe: kutchalitchi ndawauza onse, mwana wanga ndi injiniya. Usandichititse manyazi. Mabwanawo uziwapatsa ulemu, wamva? Munthu akakupatsa moni usamatembenuze khosi ngati ana a masiku ano.

Ndamva, amayi.

7.
Lachiwiri mawu aja anatsokomola.

Lachitatu anati, mwaswera bwanji, achemwali. Dzulo lake, munali mulibe achemwali m'mawumo.

Ndaziona anafunsa bambo Kaphaizi pa nthawi ya tiyi. Iwo anaviika sikono m'kapu osathamanga. Makutu amanama m'chipinda muja, anatero. Mwayankha?

Ayi.

Chabwino. Koma nkhope yawo sinali ya munthu amene wamva zabwino.

8.
Mukundimva?
Akumveka bwino.
Mukundimva?
Akumveka bwino.
Ndikuona kuti mukundimva, achemwali. Cholembera chanu chaima.

9.
Anachita mantha, tisabise. Koma chimene chinkamusautsa kwambiri si mantha ayi, ndi manyazi. Kungokhala duu, munthu akukupatsa moni, iwe maso papepala. Kwawo ngakhale amene munayambana naye dzulo umamuyankha kaye, zokangana pambuyo. Ankatuluka m'chipindamo ali wolemedwa ngati waba.

Nanga kaunjika? Nanga dzuwa la pa Tsoka, ndi a khonsolo othamangitsa mavenda? Anamanga mtima. Latsala Lachisanu lokha.

10.
Lachisanu masana, mayeso omaliza. Chitseko chinalira. Batani lobiriwira.

Mwaswera bwanji, achemwali?

Anagwira cholembera.

Sindikupempha kanthu, anatero mawu aja. Chilowereni muno palibe wandiyankhapo. Nanenso ndinabwera nditavala tayi, mayi anga atalengeza kutchalitchi. Moni yekha. Kodi kwanu anakulerani chonchi?

Mawondo ndi amene anayamba. Anapinda okha, monga pageti paja. Pakamwa panangotsatira.

Ndaswera bwino, kaya inu?

11.
Zii.

12.
Chitseko chinatseguka. Pampando pamene Ndaziona anakhala pananyamuka mwamuna wowonda, wa tayi yotuwa ndi nsapato za fashoni yakalekale. Anatuluka akutsinzina chifukwa cha kuwala. Pakhomo anaima, osacheuka. Pepani, achemwali, ananong'ona. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Bambo Kaphaizi analowa. Anatola cholembera pansi, natenga chikwama cha Ndaziona chimene chinali pampando. Ndaziona, ali m'sipika muja, anakuwa kuti ndili pano, bambo, ndili pano, koma batani linali losadina, ndipo sipika yosayatsa siyilankhula.

Panja, m'kabokosi kosungira mafoni, foni yake inalira mpaka batire linatha.

13.
Nthawi m'menemo ilibe miyendo. Amangodziwa kuti kunja kwagwa mvula chifukwa amene walowa lero nsapato zake zili ndi matope.

Ndi mnyamata wa tayi yobwereka. Polowa anagogoda, chipinda chopanda munthu. Analandira pepala kwa bambo Kaphaizi ndi manja awiri.

Osayankha, achimwene, akutero bambo Kaphaizi pakhomo. Ndi mawu ojambula chabe. Ife timafuna ana oleredwa bwino.

Chitseko chikulira. Chala chikupita pa batani lobiriwira.

Ndaziona akumumvera chisoni mwana wa eni ake, chisoni chenicheni. Angathe kukhala chete, makina nkulembedwa kuti ndi owonongeka, mnyamatayu nkubwerera kwa amayi ake. Koma nayenso ali ndi amayi ku Linthipe, ndipo mawu amene amapinda mawondo a munthu akuwadziwa.

Akukonza kukhosi.

Mwadzuka bwanji, achimwene? Mukundimva?