Kabolodi ka Tsiku Loyamba la Sukulu

Ntchito yanga ndi kuyendetsa basi ya sukulu, yachikasu ija, ndipo kuno ku Duluth, ku America, ndaigwira zaka khumi ndi zinayi. Ana a eni ndimawawerenga pokwera, ndimawawerenganso potsika. Munthu wachilendo akaima pa siteji masiku awiri otsatizana, ndimamutong'olera maso mpaka amachoka yekha. Ndiye anthu akamakamba za makolo osasamala ana, ine ndinkati akunena ena, osati ine Renee Lund.

Mwana ndili naye mmodzi, Paige, wa zaka khumi ndi ziwiri. Ndimamuitana Kamtedza chifukwa anabadwa ali kamwana kochepetsetsa. Bambo ake anatithawa iye ali ndi zaka zinayi, ndiye tinatsala awiriwiri, ndi galu wathu Pickles. Tsiku limene ndinamugulira foni ndinamukhazika pansi.

"Dzina lako, sukulu yako, kumene timakhala, usadzauze munthu amene sunamuonepo ndi maso. Wamva?"

Ndinabwereza mawuwa kambirimbiri mpaka anayamba kumandiyeseza, dzanja lili m'chiuno ngati ine ndemwe.

Loweruka lina mu Okutobala ndinkaphika mapanikeke, iye ali panja kusesa masamba. Foni yake inalira patebulo. Sindinafune kuwerenga, Mulungu ndi mboni, koma maso alibe mpanda. Uthengawo unachokera kwa wina wake dzina lake Dylan.

"Kamtedza, Lachiwiri ndidzakudikira kugeti lakumbuyo ukadzatuluka m'kalasi mwa Mayi Tolliver. Amayi ako usawauze, angakwiye."

Mapanikeke anapserera ndikuwayang'ana.

"Iwe Paige! Lowa muno msanga!"

Analowa masamba ali m'tsitsi, akuseka. Ataona foni m'manja mwanga, kuseka konse kunathera pompo.

"Dylan ndi ndani?"

"Ndi mnzanga chabe, amayi. Timasewera gemu pa foni. Ali ndi zaka khumi ndi zinayi."

"Unamuonapo?"

Anayang'ana pansi.

"Ndikufunsa iwe, sindikufunsa Pickles! Unamuonapo?"

"Ayi."

"Ndiye makutu akowa ndi okongoletsa mutu eti? Wamuuza sukulu, wamuuza mphunzitsi, mpaka dzina limene ndimakuitana ine mayi wako!"

"Sindinamuuze kanthu, amayi!"

"Wabodza iwe!"

Ine pakamwa panga pamathamanga kuposa mutu, ndimadziwa. Mwana uja anandiyang'ana. Anakwera kuchipinda kwake n'kutseka chitseko pang'onopang'ono, ndipo ndikanakonda akanachimenyetsa.

Ndinaimbira apolisi. Masana omwewo kunabwera wapolisi wamkazi, Mayi Quintero, munthu wofatsa, wolankhula ngati alibe kopita. Anapempha kuti Paige atsike, n'kukhala naye patebulo. Ine ndinaima pafupi ndi sinki, manja ndapinda pachifuwa.

"Tandiuza, Paige, unamukhulupirira bwanji mnzakoyu?"

"Ankadziwa kale zonse," anatero Paige, osandiyang'ana. "Anati amayi ake amagwira ntchito limodzi ndi amayi anga. Ankadziwa Pickles. Ankadziwa kuti chitseko chathu ndi chobiriwira, komanso kuti ndimafuna kudzakhala dokotala wa ziweto. Ndinaganiza kuti munthu wodziwa zonsezi sangakhale mlendo."

Mayi Quintero anatembenukira kwa ine. "Mayi Lund, muli ndi tsamba la mchezo pa intaneti?"

"Ndili nalo. Nanga ndani alibe?"

Anatulutsa foni yawo, n'kulemba dzina langa. "Ine si mnzanu patsambali, mukuona? Ndine munthu wodutsa chabe. Tabwerani muone."

Ndinasendera. Chinali chithunzi cha Paige cha tsiku loyamba la sukulu, mwezi watha womwewu. Chaka chilichonse ndimamuimika pakhonde, ngati mmene makolo onse a mumsewu mwathu amachitira, atanyamula kabolodi kakuda kolembedwa ndi choko. Zolembazo zinali za dzanja langa: dzina lake, giredi 7, sukulu ya Birch Hollow, mphunzitsi Mayi Tolliver, akadzakula adzakhala dokotala wa ziweto. Kumbuyo kwake kunali chitseko chobiriwira, nambala ya nyumba ikuoneka bwinobwino, Pickles atagona pa sitepe. Pansi pake ndinali nditalemba kuti, "Kamtedza wanga wakula, anthuni! Ngakhale Pickles sakukhulupirira."

Wapolisi uja anatsitsa chala. China, chinanso, zithunzi zisanu ndi zitatu, kuyambira ali kamwana kopanda mano akutsogolo.

Ndinakhala pampando wa pafupi.

"Simuli nokha, mayi," anatero Mayi Quintero. "Wolakwa ndi amene analemba uthenga uja. Koma zithunzizi tizibise lero lomwe."

Wapolisi uja atachoka, tinatsala awiriwiri m'khichini. Ndinkaika zithunzizo kuti achibale akutali aone, inde. Koma chilungamo chake, ndinkafunanso kuti dziko lonse lione kuti ndamulera ndekha mwanayu ndipo sindinalephere. Pofuna kutamidwa ndinamuimika mwana wanga pamsewu, adiresi ili m'manja, kenako n'kumutchula wabodza.

Paige anaimirira kuti azipita.

"Kamtedza," ndinayamba, koma dzinalo linandiwawa m'kamwa. "Paige, mwana wanga, dikira. Sunaname. Amene anamuuza munthu uja ndine. Ndakulakwira kwambiri, undikhululukire."

Anaima pakhomo, atandifulatira.

"Lachitatu Dylan anandipempha chithunzi changa," anatero motsitsa mawu. "Ndinakana. Ndinayamba kuopa, ndinkafuna kukuuzani. Koma ndinkadziwa kuti mukalipa, mundilanda foni, mundinena kuti ndine wopusa."

Apa ndiye ndinalira, kulira kwenikweni, chimfine ndi misozi pamodzi. Mwana anasenza mantha masiku atatu m'nyumba momwemo, akudya nane patebulo limodzi, chifukwa choopa pakamwa pangapa.

"Unakana? Wekha?"

Anagwedeza mutu kuvomera.

"Ndiwe wanzeru kuposa mayi wako. Kuyambira lero, chikakuopsa chilichonse, bwera. Ndikayamba kukweza mawu, uzingokweza dzanja ngati m'kalasi, nditseka pakamwa."

"Inuyo? Kutseka pakamwa?" Anaseka pang'ono, misozi ili m'masaya. Kenako anabwera n'kukhala pamiyendo panga, chimwana chachitalicho, mapazi akukhudza pansi.

Lachiwiri Paige sanapite kusukulu. Kugeti lakumbuyo kunadikirira apolisi. Amene anamugwira kumeneko sanali mnyamata ayi, anali bambo wamkulu kuposa ine. Sindinafune kumva dzina lake.

Dzanja lija Paige analikweza kangapo m'chakacho, ndipo kawiri konse ndinalephera kutseka pakamwa. Kabolodi ndinakaponya m'galaja, kuseri kwa mafosholo ochotsera chipale chofewa, ndipo dzina lija la Kamtedza sindinalitchulenso. Ndinkaona ngati munthu uja analidetsa.

Seputembala atafika, m'mawa wa tsiku loyamba la sukulu, ndikumwa khofi, Paige analowa atanyamula kabolodi kaja, atakapukuta fumbi.

"Tiyeni pakhonde, amayi, muchedwetsa ana a eni."

"Iwe, zija tinasiya."

"Tinasiya kuonetsa anthu. Kujambula sitinasiye. Mukachitsukitse, tichimate pa filiji."

Anaima pa sitepe, Pickles pambali pake, n'kutembenuza kabolodi. Sanalembepo sukulu kapena mphunzitsi. Analemba mawu anayi okha, ndi dzanja lake lopendekeka lija: "Kamtedza wa amayi anga."

Chithunzicho chinatuluka chosaoneka bwino. Chili pa filiji mpaka lero, ndipo amene anachionapo ndife awiri.