Batani Lobiriwira Limene Sindinalione

Chilonda chinayamba kuseri kwa khutu langa lamanzere, chaka chimene ndinalemba mayeso a Folomu 4. Poyamba ndinkati ndi chipewa chikundikhula. Ndine wachialubino, ndiye zilonda za dzuwa si zachilendo kwa ine. Zimabwera, zimauma, zimapita. Ichi chokha sichinapite.

Mu Epulo chaka chotsatira madokotala a khungu anabwera pa chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwathu ku Iponga. Anadula kanyama pachilondapo n'kukaika m'kabotolo. Kenako mayi wina wovala tisheti ya bungwe anatenga foni yanga n'kuikamo apu.

"Masiku ano simuvutikanso n'kuyenda," anatero. "Zotsatira zibwera momwemu. Palibe wina aone, ndi chinsinsi chanu nokha."

Ndinafuna kuwauza kuti maso anga saona bwino. Koma kumbuyo kwanga kunali mzere, ndipo ine pakakhala anthu mawu amandithawa. Ndinangoti zikomo.

Kuwerenga ndimadziwa, ndisaname. Chingerezi ndinkakhoza kuposa onse m'kalasi mwathu. Chimene ndimafuna n'chakuti zilembo zikhale zazikulu, zakuda, pepala ndiligunditse pamphuno. Kusukulu ndinali ndi galasi lokulitsira zilembo, koma linali la sukulu. Ndinalibweza tsiku lomwe ndinamaliza mayeso.

Uthenga unafika Lachiwiri m'mawa, ndikusenda chinangwa. Ndinasamba m'manja n'kukabisala m'nthochi kuseri kwa nyumba. Nditatsegula, ndinapeza tizilembo totuwa pa sikirini yoyera, tating'ono ngati nyerere zakufa. Ndinayesa kukulitsa ndi zala, sitinasunthe. Ndinayatsa mawu aja amene amandiwerengera mauthenga. Anangoti batani, batani, chithunzi, basi. Zotsatirazo anachita kujambula pepala la adokotala, ndiye foni inalibe choti iwerenge. Ndinati ndijambule sikirini kuti ndikakulitsire kwina, apu inakana, ati pofuna kuteteza chinsinsi changa.

Maso anga ndikawaumiriza amavina. Ndikati ndagwira liwu limodzi, apu inkadzitseka yokha n'kufunanso pasiwedi. Ndinayesa kanayi. Chomwe ndinawerenga ndi dzina langa lokha, Lughano.

Ndiye ndinapita kwa Rukaiya. Makolo ake ndi a ku Mangochi, ali ndi golosale pamsewu. Zaka zinayi zonse za sekondale tinkakhala desiki imodzi, iye n'kumandinong'oneza zimene aphunzitsi alemba pabolodi. Sanandilumphirepo mzere ngakhale umodzi.

"Lugha, walowa ngati wakuba bwanji? Nkhope yonse m'chipewa!"

"Undiwerengere."

"Kalata ya chibwenzi? Ndani walimba mtima ameneyo?"

"Zakuchipatala."

Anasiya kuseka. Ndinamupatsa foni. Panapita nthawi, ndikungomva ntchentche pa thumba la shuga.

"Wamaliza?"

"Dikira, Chingerezi cha madokotala ichi."

"Tchula zilembo chimodzichimodzi, ine ndimva."

"Aaa, palibe chifukwa. Akuti palibe vuto lenileni. Uzingodzola mafuta ako aja."

"Lumbira."

"Iwe, ine sindilumbira pa zinthu za pafoni."

Anatsegula firiji n'kundipatsa Fanta. Rukaiya sapatsa munthu Fanta waulere, ngakhale mchimwene wake weniweni.

Mawa lake Mama anandiletsa kupita kudimba kukaingitsa mbalame pampunga. Madzulo anaphika mbalagha, nthochi zophikira pamodzi ndi nyama ya ng'ombe, chakudya chimene kwathu timadya pa Khirisimasi kapena kukabwera alendo. Foni anatenga n'kutsekera m'sutikesi, ati ikundiononga maso.

"Mama, kodi Rukaiya anabwera kuno?"

"Anabwera kudzagula nthochi."

"Nthochi zathu sizinakhwime."

"Idya, chakudya chikuzizira."

Lamulungu amayi a kutchalitchi anabwera asanu. Ati angodutsa. Anaimba nyimbo ziwiri, wina n'kundigwira pamutu nthawi yaitali. Mdzukulu wa mmodzi wa iwo, amene amakonda kundikuwiza kuti mzungu, tsiku limenelo anandipatsa moni wogwada.

Kwathu nkhani yoipa sauza mwini wake. Imayamba yafika kwa akulu, akulu akhale pansi, kenako asankhe woti akanene. Mwana mnzako sanganene. Ngakhale mayi wokubala sanganene yekha, amadikira akuchimuna. Atate anamwalira ndili Sitandade 6, ndiye woyenera anali mng'ono wawo, a Kenan, amene amayendetsa lole ku Tanzania. Anawaimbira. Anati abwera akatsitsa katundu.

Apa ndiye ndiulule. Ndinkadziwa kuti chilipo. Chipatala sichili kutali, ndikanatha kupita kukafunsa. N'zoona kuti Mama salola kuti ndiziyenda ndekha, chifukwa cha zimene anthu ena amachitira anthu a khungu ngati langa. Koma si chimenecho chinandigwira miyendo. Bodza la Rukaiya linkakoma. M'mawa uliwonse ndinkadzola mafuta, n'kumadziuza kuti akuti palibe vuto lenileni.

A Kenan anafika patatha masabata atatu ndi masiku. Anayala mphasa pakhonde, nandiitana. Anayamba ndi za mvula. Anapita ku za msewu wa ku Mbeya, za matayala, za mpunga wa chaka chino. Kenako anatsokomola.

"Mwana wanga, thupili ndi la Mulungu. Ife timangobwereka."

"Ndi khansa, Atate?"

Mama analira.

"Mawu amenewo ayi," anatero a Kenan. "Tinene kuti chilondacho chikufuna madokotala akuluakulu."

Lolemba tinapita kuchipatala tonse atatu, foni ili m'chikwama cha Mama. Anesi anatsegula apu ija, nawerenga, kenako anatsitsa ndi chala mpaka m'munsi. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti kuli m'munsi.

"Mayo ine. Tsiku lanu la opaleshoni linali pa 20 Meyi. Munayenera kudina apa pasanathe masabata awiri kuti akusungireni malo. Galimoto inabwera, inatenga anzanu atatu kupita nawo kuchipatala chachikulu. Amene sanadine, makina anawachotsa okha."

"Kudina pati?" anafunsa a Kenan.

"Batani lobiriwira ili. Simunalione?"

"Mwanayu saona bwino, Anesi."

Anesi anandiyang'ana, nayang'ana foni. Kenako anandiyandikizira pamaso. Ndinaona kachinthu kotuwira, ngati tsamba lofota litagwera mu ufa.

"Ndiwalembera eni ake a apuyi," anatero. "Ndinawalemberanso za bambo wina wosaona wa ku Vinthukutu, nthawi imene ndinkagwira ntchito kumeneko. Anayankha kuti zikomo chifukwa cha maganizo anu."

"Ndiye titani?"

"Ndimulembanso pamndandanda watsopano. Madokotalawo abweranso mu Novembala."

Anachotsa thonje kuseri kwa khutu langa kuti atsuke. Ndinamva akukoka mpweya ndi mano.

Pobwerera ndinapempha kuti ndiime pagolosale. Rukaiya anatuluka kuseri kwa kauntala.

"Ndinangowerenga mizere iwiri yoyamba, Lugha. Maso anadzaza misozi. Sindinatsike m'munsi, wallahi sindinadziwe kuti kuli batani."

"Ukanangonditchulira zilembo."

"Ndikanakuuza bwanji ine, mwana mnzako? Amayi anga anati ndikauze akulu. Ngakhale kwathu timatero."

Sindinamukalipire. Anachita zimene munthu woleredwa bwino amachita. Mama nawonso. A Kenan nawonso. Ndimafufuza woti ndimukwiyire, ndimangopeza anthu ondikonda, ndi munthu wina amene sindidzamuona, amene anasankha utoto wotuwa uja ali pa mpando mu ofesi, maso ake ali bwinobwino.

Pano ndi Julayi. Chilonda chafika pansi pa nsagwada, ndipo chipewa sindivalanso mbali imeneyo. Mama anandibwezera foni. Amati ndizimvera nyimbo.

Masana, anthu akapita kukapuntha mpunga, ndimakhala m'nthochi muja n'kutsegula apu. Tsopano ndikudziwa pamene pali batanilo: kutsitsa katatu ndi chala, kenako kudzanja lamanja. Ndimadina. Palibe chimene chimachitika. Ndikayatsa mawu aja, amangoti batani.