Timadontho Titatu Pamsana

Mlongo wanga Efren ndi katswiri pa zojambula, koma nzeru zake zonse zinathera m'zala. Wakhala ndi Nestor zaka khumi ndi ziwiri kuno m'tauni ya Angono, nyumba imodzi, chikondi chochititsa kaduka. Nestor ndi mphunzitsi, ndiponso amalemba ndakatulo.

Chaka chino okonza chionetsero cha zojambula anati wojambula aliyense asankhe ndakatulo, aisandutse chithunzi. Efren anatenga ya Nestor. Tsiku lomwelo anatulukira kwathu nkhope ili ndwii.

"Achemwali, Nestor ali ndi wina."

"Wamuona?"

"Ndamuwerenga. Mwamuna akusamba pampopi, mapewa otambalala, madzi akutsetsereka mumsana. Ine ndi chimimba changachi, ndani angandilembere zotere?"

"Ndiye kamufunse."

"Kuti andinamize? Ndimujambula ameneyo potsata ndakatuloyi mzere ndi mzere, tauni yonse imuone. Mwini msana akadziwika, ndilongedza."

Ine ndakatulo zimandipatsa tulo, ndiye sindinaiwerenge. Ndinangomuthirira pansiti, sipageti wathu wa kuno, m'mbale, nadya akung'ung'udza.

Milungu itatu anajambula atadzitsekera m'chipinda, akumuyankha Nestor ndi mphuno. Madzulo ankazungulira pabwalo la mpira kusuzumira misana ya ovula malaya, mpaka ena anayamba kuvala akamuona. Ndinkaseka, koma mtima unali m'mwamba, chifukwa Efren akanena kulongedza amalongedzadi.

Tsiku la chionetsero anthu anaunjikana pa chithunzi chake. Nsanje imadziwa kujambula, ndikuuzeni. Msanawo unkanyezimira madzi, ndipo pansi pa phewa lamanzere panali timadontho titatu takuda tondondozana. Ndinaphulika kuseka.

"Mukuseka chiyani, achemwali? Mukumudziwa?"

"Kwabasi. Timadonthoti ndinkatikhula ndi sopo uli khanda, ndimayesa litsiro. Iwe chitsiru, wajambula msana wako."

Efren anapotokola khosi ngati galu wofuna mchira wake, koma munthu saona kumbuyo kwake. Anatembenukira kwa Nestor, amene anali chiimire pambali ndi kapu ya khofi.

"Nanga mapewa otambalalawo?"

"Mapewa ndinawonjezerako pang'ono," anatero Nestor. "Timadontho ayi."

M'maso mwa Efren misozi inali lengelenge. Nestor anaika kapu pansi, nakhudza malaya a Efren ndi chala chimodzi, osafufuza n'komwe, penipeni pa timadonthoto.