Kamchira Kasowa

Makaniko anali chogwada pambali pa galimoto ya apongozi ake, mphuno pafupi ndi simenti, akufunafuna kachitsulo kochepa kuposa chikhadabo cha khanda. Pansi pa galaja yakeyo panali bii ndi oyilo wakalekale, tizitsulo tili mbwee. Kalikonse konyezimira ankakatola, kukayang'anitsitsa, n'kukataya.

Apongoziwo, bambo a mkazi wake, anagulitsa nyama moyo wawo wonse, ndipo mkamwini wawo ankamuyang'ana mmene ankayang'anira mbuzi yowonda. Galimoto yawo ikavuta ankadutsa pagalajapo osacheuka, kukaipereka kwa ena. Koma m'mawa umenewo, ali paulendo wokaona mkulu wawo amene ankadwala kutali, pulagi inafwamphuka mu injini pafupi penipeni ndi galajayo. Anasowa kolowera.

“Akamwini, tachionani chinthuchi.”

Makaniko anadziwa kuti mwayi wotere subwera kawiri. Akaikonza bwino, mwina apongoziwo ayamba kumuwerengera ngati munthu. Anasuzumira m'bowo momwe munachoka pulagi.

“Mano atha, bambo.”

Apongozi anatseka pakamwa msanga, poti kutsogoloku kunali magweru. “A ndani?”

“A m'bowomu, omwe amagwira pulagi. Mutu wa injiniwu ndi wa aluminiyamu, chitsulo chofewa. Wina anamanga mwaukali, mano onse n'kudyeka.”

“Ndiye tigule mutu wina?”

“Ayi, tingoikamo mano ena.”

“Mutu, mano. Kodi mukukonza galimoto kapena mukusenda ng'ombe?”

Ntchito inayenda bwino, kunena zoona. Anapaka girisi pachitsulo chodulira mano kuti nyenyeswa zimatirire pomwepo, zisagwere m'kati. Anadula mano okulirapo pang'onopang'ono, kupotokola, kubwerera, kupukuta. Kenako anatenga kawaya kolimba kopotana ngati sipuling'i, kamene kamakhazikika m'bowo n'kusanduka mano atsopano. Kunsi kwa kawayako kumakhala kamchira kopingasa, kogwirira pokalowetsa. Kawaya kakalowa, kamchira umakathyola n'kukatulutsa, chifukwa pansi pa bowolo ndi pamene pisitoni imadzamenya. Atalowetsa kawayako, anapana kamchira ndi pulayala yaitali milomo. Thyo! Nthawi yomweyo apongozi anawerama kuti aone nawo, n'kumugunda pachigongono. Pulayala inatuluka yopanda kanthu.

N'chifukwa chake anali chogwada. Anali atamva ka “nge” penapake, koma sakanalumbira kuti kanamvekera pati. Akakumbukira, kanali pasimenti. Akakumbukiranso, kanali m'kati mwa injini. Ataganizira kwambiri anayamba kukayika ngati silinali batani la jekete la apongozi logunda galimoto.

“Mwataya chiyani?” anafunsa apongozi.

“Kamchira.”

“Tafika kumchira tsopano. N'kofunika?”

“Ayi, n'kotaya.”

“Nanga kotaya mukukafuniranji?”

“Kakapezeka kunja kuno ndiye kuti m'kati mulibe, bambo.”

Apongozi anakanda dazi lawo. Mwina anaganiza kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wozungulira mutu, ndipo pa nthawi imeneyo Makaniko sakanawatsutsa.

Anapaka girisi kunsonga kwa waya n'kulowetsa m'bowo, kuvundula ngati wokola ngumbi. Waya unatuluka ndi kanthu konyezimira. Atakatikita ndi chala kanapindika, kanali kanyenyeswa ka aluminiyamu chabe. Anabwezera pulagi kuti ayese manowo, ndipo inalowa myaa. Manja, mwa chizolowezi chawo, analumikizanso chingwe chake. Kenako anathamangira khomo linalo kwa mnzake wowotcherera zitsulo kukabwereka maginito.

“Chitsulo cha mtundu umenewo maginito sachigwira bwino,” anatero wowotchererayo, osavula n'komwe magalasi ake akuda. “Ingolizani injini, achimwene. Kamatuluka ndi utsi kameneko.”

“Zoona?”

“Kwambiri. Kungoti ndinaonapo kena kataboola pisitoni.”

“Ndiye ndilize kapena ndisalize?”

“Eya,” anatero mnzakeyo, n'kupitiriza kuwotcherera.

Makaniko akubwerera, mutu utalemera kuposa mmene anapitira, anamva injini ikulira. Apongozi anali atatopa n'kudikira, atseka boneti, akhala pachiwongolero. Galimoto inkalira mokoma, ndipo mkuluyo ankaseka, magweru onse pamtetete.

“Akamwini, manja muli nawo! Ine ndimayesa mwana wanga anakwatiwa ndi fungo la oyilo basi. Tamverani mmene ikuyimbiramu!”

Mawu amenewa Makaniko anawadikira kuyambira tsiku la ukwati wake, ndipo anamukomera mpaka kumsana. Anafuna kungoti zikomo, kuwakwezera dzanja, n'kukagona tulo. Koma khutu silinamvere. Pansi pa kulira kokomako panali ka tiki, tiki, tiki.

“Kaphokoso aka kamakhalapo kale, bambo?”

“Kati? Galimoto iyi maphokoso ndi ambiri. Ena ndinagula nawo.”

Anatchera khutu. Kanali kumanzere. Ayi, kumanja. Kanasiya. Kanayambanso, kapena unali mtima wake. Mwina kamchira kanali katapita kale ndi utsi. Mwina kanali pasimenti, kunsi kwa nsapato yake. Mwinanso kanali m'katimo, kakukanda aluminiyamu pang'onopang'ono, kudikira kuti mkuluyu akafike pamtunda popanda nyumba, odwala akumuyembekezera. Apongozi anali atalowetsa kale giya.

Makaniko analowetsa dzanja pawindo n'kuzimitsa injini.

Ngakhale iye mwini anadabwa nalo dzanja lakelo.

“Bambo, musapite nayo. Ndiyenera kutsegula mutu ndione. Ndi ntchito ya mpaka mawa.”

Chimwemwe chinafota pankhope ya apongozi. “Kamchira komwe kaja?”

“Komweko.”

“Kalimo kapena mulibe?”

“Sindikudziwa.”

“Mukatsegula mukapeza?”

“Mwina ayi.”

“Tandimvetsani, akamwini, ine sukulu ya zitsulo sindinapite. Mukufuna kuphwasula galimoto yoyenda bwinobwino, kufuna chinthu chotaya, chimene mwina mulibe?”

“Eya, bambo.”

Makaniko anamva yekha kupusa kwa yankho lakelo. Apongozi anatsika, natenga chikwama chawo kumpando wakumbuyo, nakonza jekete, n'kuuyatsa wapansi kulowera kokwerera basi. Sanatsanzike, sanatukwane, sanacheuke.

Dzuwa lili paliwombo mkazi wake anafika ndi chakudya, mwana ali kumbuyo. Anamupeza atakhala pa tayala lakutha, chibwano m'manja.

“Galimoto ya bambo ikutani kuno? Eni ake ali kuti?”

Anamufotokozera zonse, za mano, za mutu, za kamchira. Mkaziyo anamvetsera ndi nkhope yofanana ndendende ndi ya bambo ake.

“Sindinamve chilichonse,” anatero pomaliza. “Koma mwawakwiyitsa?”

“Ndikuganiza choncho. Anandiyamikira koyamba lero, ine n'kuwazimitsira galimoto. Basi, zanga zada.”

Mkaziyo anaika chakudya pathebulo la zida, napita kukatseka windo la galimoto kuti fumbi lisalowe. Anaima pomwepo, dzanja lili pachitseko.

“Bambo a mwana, makiyi awa mwawalanda?”

“Ayi. Angowasiya pomwepo.”

“Awasiya? Bambo anga? Amayi akalamba nawo m'nyumba imodzi, sanawakhudzepo makiyi amenewa. Posamba amalowa nawo kubafa.”

Makaniko anadzuka pa tayala paja. “Ndiye kuti aiwala ndi ukali?”

“Bambo saiwala makiyi,” anatero mkaziyo, akukonza mwana kumbuyo. “Musangoti kakasi. Idyani, mutsegule mutuwo. Akamabwerako aipeze ikuyenda.”